Wamva Magitala Angati?

Ndinafika Lachitatu masana, mvula itangokata. Galimoto ndinaiimika pafupi ndi migolo ya zinyalala, pomwe ndimaiimika nthawi zonse. Achimwene amakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana ija. Masitepe ake ndi opapatiza. Babu la pakona linali lakupsa, monga ndinalisiyira ulendo watha.

Ntchito yanga ndi mafiriji a m'masitolo. Ikafa, amandiimbira. Ndimapita, ndimakonza, ndimachoka. Tauni imodzi sindikhalitsamo, malaya ndimaumitsira m'galimoto. Mumzinda uno ndimagona kwa achimwene, m'kachipinda kakumapeto, pa bedi la mwana wawo amene ali ku koleji.

Anatsegula chitseko ndi alamu, thaulo lili paphewa.

"Mwafika, a Chiyendayenda? Ndimati mwina munakwatira kumsewu komweko."

"Ndikwatirenso chiyani, alamu, inu muli pano?"

"Pakamwa pokha. Vulani nsapato, ndangokolopa."

Anandithirira tiyi. Iwo sanadzithirire. Anakhala mbali ina ya tebulo n'kumapinda thaulo lija, kulipinda, kulitambasula.

"Achimwene anu akusiya ntchito."

Achimwene amagwira pa kauntala ya sitolo ya zipangizo za galimoto. Anayamba ine ndili ku sekondale. Mpando wawo unachita kutenga maonekedwe a msana wawo.

"Apeza ina?"

"Apeza gitala."

Nkhani yake inali yaifupi. Pali kasitomala wina, amamutchula kuti Chipewa, woimba ng'oma. Ali ndi bandi yoimba ku hotela kumapeto a sabata. Wa gitala wawo anachoka. Achimwene atamuuza kuti nawonso amaliza gitala, Chipewa anati abwere Loweruka adzawamve. Basi. Sanalonjeze kanthu. Koma bandiyo imayeserera masana m'kati mwa sabata, nthawi imene achimwene amakhala pa kauntala. Ndiye achimwene anapita kwa abwana awo kukatsanzika. Chotsala chinali kusaina. Lachisanu m'mawa.

"Ndawauza kuti dikirani Loweruka lidutse kaye," anatero alamu. "Akuti mapanga awiri avumbwitsa."

"Ndiye ine nditani?"

"Mumve. Inu mumayenda, mwamva zambiri m'mabala mwanumo. Mukamva, muwauze zoona. Ine ndikanena, akuti makutu anga ndi a kwaya."

Achimwene anafika dzuwa lisanalowe. Anenepa pang'ono. Imvi zafika m'masharubu. Anandigwira paphewa, anafunsa za matayala a galimoto, anafunsa ngati ndikudya. Kenako anayang'ana wotchi n'kulowa m'kachipinda kakumapeto. Chitseko anatseka.

Ine ndinatsala kukhitchini, ndikusenda anyezi chifukwa alamu anandipatsa mpeni.

Zinayamba. Tsiki. Tsiki-tsiki. Timawu touma ta mawaya, ngati munthu akuwenga zikhadabo kuseri kwa khoma. Kenako zii. Phazi lokha likugunda pansi. Kenako tsiki, ndi kena kokhala ngati chitseko cha kabati chikutseguka.

"Ndi zimenezo," anatero alamu, osatembenuka. "Nyimbo za abuluzi. Chaka ndi chaka."

Dzina lake lenileni ndi blues. Alamu amadziwa bwino lomwe.

Patapita kanthawi chitseko chinatseguka.

"Iwe, siya anyezi. Tabwera."

M'chipindamo munali mabuku atatu pampando, onenepa, zikuto zomata ndi selotepi. Limodzi linali lotsegula, mwendo wa magalasi utatsamira tsamba. Mizere yopingasa, manambala pamizerepo. Nambala iliyonse imauza chala pogwira. M'mbali achimwene analembamo ndi pensulo, timalemba tating'ono ngati ta pa lisiti. Gitala inali pamiyendo pawo, yamagetsi, yofiira. Chingwe chake chinatsika n'kulowa pansi pa bedi.

"Phunziro lililonse lili ndi nyimbo yake," anatero akundionetsa foni. "Ng'oma, besi, piyano. Bandi yonse ili umu. Sichedwa, siledzera, sipempha transipoti."

Pafoniyo analumikiza mahedifoni awiri. Enawo anagulira alamu kalekale. Alamu anawavala kamodzi n'kunena kuti akuphwanya tsitsi. Anali aakulu, otseka khutu lonse. Nditavala, dziko linachoka. Ngakhale mpweya wanga sindinkaumva.

Timitengo ta ng'oma tinagundana. Besi inalowa, yoyenda mwaulesi, ngati munthu wodziwa kuti basi imudikira. Kenako gitala.

Ndamvapo magitala. M'mabala, m'mahotela otchipa, pa wailesi ya m'galimoto misewu yaitali. Iyi inali ina. Inkalankhula pang'ono n'kukhala chete. Inkabwereza mawu omwewo, koma kachiwiri mopweteka. Waya unkakankhidwa m'mwamba, n'kulira, n'kunjenjemera pamenepo mpaka besi kudzaupeza. Ndinayang'ana zala za achimwene. Zinkapita kumene mawu akupita. Maso anali otsinzina. Pakamwa panali popotoka ngati alawa ndimu.

Nyimbo itatha anandiyang'ana.

"Nanga?"

"Achimwene, ndinu?"

"Ukuona wina muno?"

Patebulo alamu ankandiyang'ana ine, osati mbale.

"Akutha, alamu. Ndanena zoona. Akutha."

Achimwene anawonjezera mpunga m'mbale mwanga. Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anadzuka, anayamba kuchotsa mbale anthu tisanamalize.

*

M'mawa achimwene amayeserera asananyamuke. Anandipeza ndikumanga nsapato. Anakhala kumapeto kwa bedi, malaya a kuntchito atavala kale, n'kutsegula buku. Ndinatola mahedifoni achiwiri aja ndekha. Zinali zitandikomera.

Nyimbo yomweija. Pakati pake, kapulasitiki kokhwatchira mawaya kanawapulumuka. Kanagwa, kanadumpha, kanalowa pansi pa mpando. Achimwene anawerama. Dzanja lamanja likufufuza pansi, lamanzere litagwira gitala pakhosi kuti isagwe.

Gitala inapitiriza kuimba.

Inalira, inanjenjemera, inatsika bwinobwino. Achimwene anapeza kapulasitiki kaja, anakapukuta pa thalauza, n'kulowanso.

Ndinavula mahedifoni. Tsiki. Tsiki-tsiki. Ndinavalanso. Gitala ya ku hotela. Ndinavula. Zikhadabo.

Ndinawagwira pabondo. Anaimitsa foni.

"Mutawerama muja, amaimba ndani?"

"Aphunzitsi."

"Aphunzitsi ati?"

"Amene analemba bukuli. Ali m'nyimbomo. Timaimba limodzi." Ananena ngati akuuza kasitomala kuti galimoto imayendera mafuta. "Njira yake ndi imeneyo. Buku likuti uziimba nawo, uziwatsatira, mpaka magitala awiri amveke ngati imodzi. Ukamva awiri, sunafike. Iwe dzulo unamva angati?"

"Imodzi."

"Basi."

"Nanga yanuyo imalowa bwanji m'makutu?"

"Imamveka."

"Kudzera pati?"

Anagunda pamimba, pomwe gitala imatsamira. "Apa. Ndi m'zala. Waya ukalira umamva m'thupi monse. Iwe ndiwe wa mafiriji, sungadziwe."

"Palibe nyimbo yopanda aphunzitsiwo?"

"Ilipo. Phunziro lililonse lili ndi ziwiri. Inayo ndi ya bandi yokha, amasiya mpata wa gitala. Ndinaiyesa poyambirira. Siikoma. Umangomva ng'oma ndi besi, ngati ukwati wopanda mkwatibwi."

Anayang'ana wotchi. Anaika gitala m'chikwama chake, anatseka buku, anavala magalasi.

"Mawa undiperekeze kuntchito," anatero ali pakhomo. "Ndikufuna tsiku limenelo ndifike pa galimoto."

Atatsika masitepe ndinagwada n'kutsata chingwe chija. Pansi pa bedi panali nsapato za mwana, sutikesi, ndi kaampu kakang'ono kakuda. Ampu ndi bokosi lokuza mawu a gitala. Popanda ilo, gitala yamagetsi ndi thabwa la mawaya. Chingwe cha gitala chinali cholowetsa bwinobwino. Koma chingwe cha magetsi chinali chokulunga pa chogwirira, pulagi itachita fumbi.

Ampuyo ndinaitulutsa. Alamu anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Imeneyo inafa kale. Sabata yoyamba yomwe. Analiza masiku ochepa, nesi wa pansipa n'kuyamba kugunda denga ndi mpini wa tsache. Amagwira usiku, masana amagona. Kenako magetsi anabwera mwamphamvu tsiku lina, osayakanso. Achimwene anu anati zakhala bwino, mtendere ndi aneba."

"Chingwechi amalowetseranji?"

"Akuti gitala yopanda chingwe imaoneka ngati yamaliseche."

Ndinatsegula kumbuyo. Fyuzi. Kanthu kochepa ngati njere ya mpunga wautali. M'bokosi langa munali ina yofanana. Ndinasintha, ndinalowetsa pulagi. Kanyali kofiira kanayaka. Ndinatulutsa gitala, ndinakhudza waya umodzi ndi chala.

Galasi la zenera linanjenjemera. Ndinazimitsa. Pansi pa mapazi athu panamveka gu, gu, gu.

"Nesi wadzuka," anatero alamu. "Mukamupepese nokha. Ine amandidziwa."

"Alamu, dzulo ndinafulumira kulankhula."

Anandiyang'ana.

"Sakutha?"

"Sindikudziwa. Palibe amene akudziwa. Ndi iwo omwe."

*

Ntchito imene inandibweretsa inali kuseri kwa msika, pa sitolo ya nyama. Osati firiji wamba. Chipinda chathunthu chozizira, cholowamo munthu ataimirira. Gasi anali atatha, paipi inabooka pokhota. Nyama anali atasamutsira kwina. Ndinawotcherera paipi, ndinayesa, sinadonthe. Gasi watsopano amabwera Lachisanu m'mawa. Mwini sitolo anandisiyira kiyi wa khomo lakumbuyo kuti ndidzalawirire.

Masana ndinakhala pa kreti m'chipindamo ndikudya buledi. Makoma ake ndi ochindikala, chitsulo kunja, chitsulo m'kati, pakati zotsekera kutentha. Ukatseka chitseko, msika wonse umazima. Ogulitsa, mahutala, wailesi ya wometa. Zii.

Kusawauza zoona achimwene kunali kwapafupi. Lachisanu masana ndikanakhala ndili pamsewu. Loweruka likanandipeza tauni ina, ndikutsegula firiji ya wina. Nkhani ndikanaimva pa foni, ndipo pa foni nkhani iliyonse imachepa. Achimwene ndi aakulu. Anandinyamulapo pamsana. Sindinawauzepo kuti alakwitsa, ngakhale pa njira yachidule.

Ndinamaliza buledi. Ndinapita kunyumba kukatenga gitala ndi ampu. Alamu anandithandiza kutsitsa pamasitepe, osafunsa kanthu. Buku anaika okha pampando wakutsogolo.

Poweruka ndinali nditaima panja pa sitolo yawo. Achimwene anatuluka akuseka ndi anzawo. Ataona chikwama cha gitala kumbuyo, kuseka kunatha.

"Watenga gitala yanga osapempha?"

"Andipatsa alamu."

"Mwagwirizana."

"Ampu yadzuka, achimwene. Inali fyuzi. Mungapite Loweruka musanaiyese?"

Nkhope inamasuka. Anandimenya pamsana.

"Wachita bwino, mphwanga. Ndimati ndikabwereka ya bandi. Koma tikaliza kuti? Nesi uja atipha."

"Ndili ndi malo."

Atalowa m'chipinda chozizira chija anaima pakati n'kuyang'ana m'mwamba. Ngowe zopachikira nyama zinali m'mizere, zopanda kanthu. Munkanunkha mankhwala okolopera.

"Ndiye situdiyo yako imeneyi?"

"Ya lero lokha. Mawa mubwera ng'ombe."

Ndinakoka chingwe cha magetsi kuchokera pakhonde. Ampu ndinaiika pa kreti. Foni yawo ndinailumikiza ku kasipika kanga ka m'galimoto. Achimwene anakhala pa kreti ina, anapinda manja a malaya, anatsegula buku pabondo n'kulitsekanso. Phunzirolo analiloweza.

Anasankha nyimbo. Ndinayang'ana pafoni.

"Osati iyo. Inayo. Ya mpata."

"Ndakuuza kuti siikoma."

"Loweruka aphunzitsi sakakhalako."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anasintha. Ndinatseka chitseko.

Timitengo tinagundana. Besi inalowa. Mpata unafika.

Mawu oyamba anachedwa. Achiwiri sanatuluke n'komwe, chala chinagwira pambali, panangomveka phu. Waya wina wosafunika unkalira pansi nthawi yonse, ngati ntchentche m'botolo. Pofika pokankha waya m'mwamba paja, anakankha, nkhope inapotoka ngati dzulo. Mawu anakwera, anaima panjira, osafika. Ngati munthu wofuna kuyetsemula, kuyetsemulako n'kubwerera. Bandi sinadikire. Inakhota, inazungulira, inabwerera pomwe inayambira. Achimwene anali akadali m'mbuyo, akuthamangira basi yomwe yanyamuka kale.

Anaika dzanja pamawaya.

"Ampu iyi sinachire."

"Yachira."

"Wasintha chiyani m'katimo?"

"Fyuzi yokha."

Anapotokola timabatani tonse, uku ndi uku. Anayambanso. Zomwezo, koma mokweza. Anaimitsa.

"Ndi chipindachi. Chitsulo chimabweza mawu."

"Besi ikumveka bwino."

"Besi ndi besi."

Anapukuta manja pa thalauza. Anatenga foni.

"Ndiike ya aphunzitsi. Uone."

Anaika. Gitala ija inatuluka m'kasipika, yoyera, yodekha. Achimwene analowa. Zala zinkapita malo oyenera, zoona. Mawonekedwe onse anali omwewo. Koma wina ankayenda kutsogolo, wina akupunthwa pambuyo. Wina akafika pamwamba, wina ali pansi pake pang'ono, ndipo kusiyanako kunkaluma mano. Sanaimitse. Anapita nayo mpaka kumapeto, mpaka ng'oma yomaliza.

Munakhala zii. Ampu yokha ikung'ung'udza.

"Wamva angati?" anafunsa, akuyang'ana pansi.

"Awiri."

"Inenso."

Anavula magalasi. Anawapukuta ndi malaya, nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna. Ine ndinayang'ana paipi yanga. Powotcherera paja panali bwino.

"Zala zikudziwa njira," ndinatero. "Zimenezo ndaona."

"Usandipake mafuta."

"Sindikupaka."

"Ndiye khala chete."

Anatsegula buku. Anadutsa masamba ambiri kubwerera m'mbuyo, pensulo yawo ili pa tsamba lililonse, timizere, timitanda, mawu oti *zatheka*. Anafika koyambirira. Phunziro la mawu ochepa, loyenda ngati maliro.

"Ika ya mpata. Yoyamba."

Ndinaika. Analiza. Anachedwabe, koma pang'ono. Anabwereza. Anapendeka mutu, khutu kuloza ku ampu, ngati munthu womvetsera injini ya galimoto ya eni. Kamodzi waya unakwera n'kufika. Sindikudziwa ngati anamva. Nkhope sinasinthe.

Anazimitsa okha.

"Tiye. Mayi akudikira."

Tinakwera galimoto. Pa maloboti anandiuza kuti mabuleki anga akutsogolo atha, ndisinthe ndisanaphe munthu.

*

Alamu anali atayala kale patebulo. Anatiyang'ana tonse awiri, wina kenako wina, n'kubweretsa madzi osamba m'manja. Tinadya.

Achimwene anaika sipuni pansi.

"Mayi."

"Bambo."

"Ndikakhala m'chipindamo, inu kuno mumamva chiyani?"

"Timamva mukuimba."

"Ndikufunsa zenizeni."

Alamu anayang'ana kwa ine. Ine ndinayang'ana mchere.

"Timamva tsiki-tsiki," anatero. "Kenako mumasiya. Kenako phazi. Kenako tsiki."

"Zaka zonsezi?"

"Zonsezi."

"Osandiuza?"

"Ndimati ndi mmene nyimbo zake zimakhalira. Ine ndinazimvera kuti? Munati ndi zachisoni. Ndiye ndikamva, ndimati eya, zachisonidi."

"Mwana naye?"

"Mwana anati tikusiyeni, bola simumwa."

Achimwene anatulutsa kampweya m'mphuno. Kuseka kapena china, sindinadziwe. Anatenganso sipuni n'kuigwira chabe.

"Koma mahedifoni ndinakugulirani."

"Ndinavala. Ndinamva bambo wina akuimba bwino. Ndinati mwina ndi amene mukufuna mudzafanane naye."

"Munadziwa kuti si ine?"

"Bambo, ndakhala nanu zaka zingati? Inu mukamaimba mumapuma ngati mukukwera masitepe. Uja sapuma."

Alamu anadzuka kukatenga tiyi. Podutsa anagwira phewa la achimwene, pang'ono, ngati akuchotsa ulusi.

*

Lachisanu ndinalawirira ku sitolo ya nyama. Gasi anabwera. Ndinathira, ndinayatsa, chipinda chinayamba kuzizira. Ndinabweza kiyi n'kubwerera kukatenga achimwene. Ndinawapeza ataima pansi, pafupi ndi migolo, atavala jekete. Jeketeyo anaikonzera tsikuli.

"Tikupita kukatani?" ndinafunsa.

"Yendetsa."

Pa sitolo yawo anandiuza ndidikire. Analowa khomo la m'mbali, lopita ku ofesi ya abwana. Ndinazimitsa injini. Pagalasi lalikulu ndinkaona kauntala. Pampando wa achimwene panali munthu wina, wamtali, wa tayi, akuonetsedwa mashelefu. Ankagwedeza mutu pa chilichonse. Mpandowo anali ataukweza kale.

Ndinadikira. Foni inalira, sitolo ina tauni ya kumpoto, firiji ya zakumwa ikudontha. Ndinati ndifika madzulo. Lole ya katundu inabwera, inandiimbira hutala, ndinasuntha. Ndinagula nyuzipepala, ndinawerenga za mpira, ndinaipinda.

Achimwene anatuluka jekete ili pamkono. Analowa, anatseka chitseko mofatsa.

"Akuti chiyani?"

"Ayamba aseka. Akuti dzana munali katswiri, lero mwabwerera?"

"Inu munati?"

"Ndati ndabwerera."

"Ndiye?"

"Mpando wapita. Wamtaliyo amuchotsa ku nthambi ina, wasamutsa kale banja, ana wawapezera sukulu. Sangamubweze." Anayala jekete pamiyendo. "Kuseri kuli malo. Kolandirira katundu. Kutsitsa, kuwerenga makatoni, kupanga mashelefu. Kuimirira tsiku lonse."

"Msana wanuwo?"

"Msana ndi wanga."

"Mwavomera?"

"Ndasaina."

Lole ija inali ikubwerera chammbuyo kulowa pageti la kuseri. Anyamata awiri a maovolosi ankaikodola ndi manja. Achimwene anawayang'ana mpaka lole inaima.

"Ndinkawatuma ine amenewo," anatero.

"Nanga Chipewa? Ndidutseko ndimuuze?"

"Ndi nkhani yako? Ndimuuza ndekha."

Ndinaliza injini.

"Kunyumba?"

"Ayi. Akuti kuseri salola nsapato izi. Pakufunika majombo a chitsulo kutsogolo. Ndiyamba Lolemba. Iwe umagula kuti ako?"

Ndinawatengera ku sitolo ya zovala za ntchito, msewu wa kumafakitale. Mnyamata wogulitsa anabweretsa mabokosi. Achimwene anakhala pa benchi, anavula nsapato zawo zopolisha, anaziika pambali moyandikana. Oyamba anathina. Achiwiri analowa. Anamanga zingwe mpaka pamwamba, anaimirira, anayenda kukafika pakhomo n'kubwerera. Ankayenda ngati munthu wowoloka matope.

"Akulemera," anatero.

"Amazolowereka. Sabata yoyamba muzivala masokosi awiri."

Anagunda chala cha jombo pa mwendo wa benchi. Anagundanso, mwamphamvu.

"Sindikumva kanthu."

"Ndiye ntchito yake."

Anauza mnyamata uja kuti nsapato zakale aziike m'bokosi, apita atavala atsopanowo. Ndinati ndiwasiye kunyumba. Anakana. Anati akufuna awayendere, aphwe msanga, ndipo ine ndachedwa kale.

"Mabuleki aja," anatero pawindo.

"Ndisintha."

"Ukunama. Pita."

Ndinakhotera kumsewu wa kumpoto. Pagalasi ndinawaona akuwoloka, bokosi kukhwapa, jekete pamkono, akukweza mapazi kuposa mmene msewu umafunira.